Ngaka m'Galimoto ya a Likoswe

Galimoto ya a Japhet Likoswe anaiimitsa Loweruka masana, pamene msewu wochokera pamwamba pa phiri la Zomba umamaliza kukhotakhota n'kulowa m'tauni. Apolisi awiri anali akuidikira pamenepo chifukwa cha foni imene mayi wina anaimba osatchula dzina. Atavundukula chinsalu cha lona kumbuyo kwa pikapuyo anapeza thumba, ndipo m'thumbamo munali ngaka yamoyo itadzikulunga ngati nkhata.

Mlanduwo unagwera Sajeni Rahima Amidu. Anzake ankanena kuti palibe chofufuza, poti munthu wagwidwa ndi nyama m'manja, ndipo mlandu wa ngaka masiku ano ndi wa zaka zambiri kundende. Chinkawaseketsa n'chakuti a Likoswe ankachokera kumsonkhano pa loji ina pamwamba pa phiripo, kumene m'mawa womwewo anayankhula monga katswiri wa malamulo okakamiza makampani a malasha kukwirira migodi akamaliza kukumba, kuti mitengo ndi nyama zakutchire zibwerere.

Rahima sanaseke nawo. Anali atagwirapo milandu ya ngaka kangapo ndipo ankadziwa mmene nyamayi imafikira ku polisi: yowonda, yaludzu, ili m'thumba lonunkha feteleza, mwina mwendo utadyeka ndi waya. Iyi inali yonenepa. Thumba lake linali latsopano, loboola timabowo topumira, ndipo pansi pake wina anayalapo thaulo lonyowa.

Anaitana Eddie, wapolisi amene analandira foni ija.

"Mayiyo ananena chiyani kwenikweni?"

"Anatchula nambala ya galimoto, bwana, n'kunena kuti yayamba kutsika. Kenako anati tikaipeza nyamayo tisaisiye padzuwa, tisaitambasule mokakamiza, ndiponso tisaipatse mkaka."

"Mkaka?"

"Eya. Za mkakazo anabwereza."

Rahima anayang'ananso thaulo lija. Munthu wongofuna kumangitsa mnzake sakhala ndi nthawi yoganizira za mkaka.

*

Wodzatenga ngakayo anali Victoria Namaona, wa bungwe lina losamalira nyama zolandidwa kwa opha nyama mozembera, lokhala cha ku Liwonde. Nambala yake inali yomata pakhoma la ofesi, ndipo nthawi zonse apolisi akagwira nyama yamoyo ankaimbira iyeyo. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wovala nsapato zazikulu zoyendera m'tchire.

"Mwafika msanga," anatero Rahima.

"Ndinali kale panjira. Ndimabwera kuno kudzagula mankhwala."

Victoria anagwada n'kulowetsa manja m'thumba. Chifikireni ku polisi ngakayo inali isanasonyeze nkhope, ngakhale apolisi anaigogoda ndi bolopeni n'kuiitana maina onse. Koma Victoria atangoikweza pachifuwa, mchira unamasuka pang'onopang'ono, kamutu kosongoka kanatuluka, n'kuyamba kununkhiza kolala ya malaya ake.

"Yakukondani," anatero Eddie.

"N'kagwiridwe chabe."

Pamene nyamayo inatambasuka, Rahima anaona kanthu pa limodzi la mamba a kumsana, pafupi ndi mchira. Panali kabowo kozungulira bwino, kosalala m'mbali.

"Nanga aka?"

Victoria sanayang'ane n'komwe pamene chala chinaloza. "Waya wa msampha umatero."

Anasaina kuti watenga nyamayo, n'kunena kuti sapita nayo kutali ili yotopa chonchi. Aigoneka pa nyumba ina ya a zankhalango m'munsi mwa phiri, ndipo apolisi akaifuna ngati umboni akaipeza kumeneko.

*

A Likoswe anawatulutsa m'chitokosi atawavula lamba ndi nsapato, koma anakhala pampando ngati ofesiyo ndi yawo. Anali bambo wamkulu thupi, wa imvi zometedwa bwino.

"Sajeni, ndikuthandizeni kuti musataye nthawi. Ine ndagwira ntchito yoyendera migodi m'dziko muno inu musanayambe sukulu. Lero makampani amandifunsa nzeru. Ndikagulitse kanyama ka mamba kuti ndipeze chiyani?"

"Galimoto munaisiya pati?"

"Kuseri kwa loji, pamthunzi wa mitengo ya paini. Ndinalowa m'holo m'mawa, ndatuluka titamaliza kudya. Anthu onse a pamsonkhano anandiona."

"Lona mumakhoma?"

"Lona amakhoma ndani? Ndi zingwe chabe."

"Ndani angafune kukuonani m'ndende?"

A Likoswe anaseka ndi mphuno. "Munthu akakwera, ansanje sasowa. Koma ngati mukufuna dzina, pitani ku Chinamwali mukafunse Gilson Makwinja. Anali dalaivala wanga, ndinamuchotsa chifukwa cha pakamwa. Tsiku lomwe ankachoka analumbira pamaso pa akazi anga kuti adzandionetsa."

"Pakamwa pake pankanena zotani?"

Kwa nthawi yoyamba a Likoswe anayang'ana kumbali.

"Zamowa," anatero. "Loya wanga afika Lolemba. Zina mudzafunse iyeyo."

*

Rahima anamupeza Gilson pa siteji ya njinga zamoto ku Chinamwali, akupukuta tcheni. Atamva kuti a Likoswe ali m'chitokosi anaika chiguduli pansi, n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati walandira mphatso.

"Mulungu sagona. Koma bwana, musavutike nane. Ine lero ndinali kumaliro ku Chikanda kuyambira m'mamawa, ndipo bokosi ndanyamula nawo. Funsani mpingo wonse. Komanso ndikanakhala ine, m'galimotomo simukanapeza ngaka. Mukanapeza mphiri, pansi pa mpando wa dalaivala."

"Munayambana chiyani?"

"Ndinanena zimene ndinaona ndi maso angawa."

Anakokera Rahima pambali, kuseri kwa okala ya tchipisi, ndipo anayamba kulankhula motsitsa mawu.

"Kuchigwa cha Shire kunali mgodi wa malasha wa kampani ya Chiputu. Sunali wolowa pansi ayi, ankangosenda nthaka pamwamba. Malasha atatha anasiya chidzenje choti tchalitchi chikhoza kulowamo n'kutsala malo. Lamulo limati akwirire, abzale mitengo. Amene anatumidwa kukaona ngati akwirira anali abwana angawo, ndipo woyendetsa ndinali ine. Sitinafike kudzenjeko. Tinathera pa bala ina pa msika, iwo ndi akuluakulu a kampani akudya nyama ya mbuzi. Pobwerera akuti, 'Gilson, malo aja akwirira bwino eti?' Ine n'kuti, 'Malo ati, bwana?' Anandiyang'ana m'galasi."

"Kenako?"

"Mvula inabwera, dzenje linadzaza. Madzi ake akuda ngati inki, m'mbali moterera. Kamtsikana kena kanapita kutchuthi kwa agogo ake kumeneko, kanatsatira anzake kokaona madzi. Anakavuula mawa lake. Pofufuza anati ndi ngozi, poti lipoti la abwana linkati malowo ndi okwirira kale, ndiye kuti dzenjelo anakumba ndi anthu a m'mudzi pofuna dothi la njerwa. Anthu a m'mudzi, ndi makasu. Ine nditamva ndinalankhula pa mowa, nkhani n'kuwafika."

"Mwanayo anali wa ndani?"

"Dzina la mwana ndi Lily. Limenelo sindingaiwale. Amayi ake sindinawaonepo, koma anthu ankati sanalire pamaliro, anangoima n'kumayang'ana. Ankati amagwira ntchito ya nyama zakutchire."

Rahima analemba dzinalo m'kabuku kake. Gilson anatola chiguduli chake.

"Mukamupeza amene wachita zimenezi, bwana, mumuuze kuti ku Chinamwali kuli munthu amene adzamunyamula ulere mpaka imfa."

*

Lamulungu m'mawa Rahima anakwera phiri. Nkhungu inali isanachoke m'mitengo ya paini, ndipo pa geti ya loji panali amayi ogulitsa zipatso atakhala kale ndi timabasiketi tawo. Mlonda anati iye sanaone chilichonse chifukwa nthawi ya nkhomaliro anamuitana kukathandiza kunyamula mipando. Koma mai Dyna, ogulitsa masitiroberi, sanadikire kufunsidwa kawiri.

"Ine pano ndimaona zonse, achemwali, ngakhale amene wabwera ndi mkazi wosakhala wake. Dzulo kunali magalimoto ambiri koma ogula ochepa. Anthu a misonkhano ndi ouma manja, amalawa katatu n'kumati abweranso."

"Kuseri kuja, kumene kunali pikapu yoyera, kunapita ndani?"

"Anyamata otsuka magalimoto sanabwere dzulo. Kunangopita mayi wina wa mwana kumbuyo, anatulukira njira ya m'nkhalango iyi. Ndinamuitana kuti agulire mwana zipatso, osandiyankha. Ndinati kaya ndi wodwala mwanayo, poti anamufunditsa mutu womwe."

"Munamuona mwanayo?"

Mai Dyna anaika basiketi pansi.

"Mwandikumbutsa. Ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo mwana akakhala kumbuyo timapazi timaonekera m'mbalimu. Uja analibe mapazi. Ndinawauza anzangawa kuti mwana uja ngozungulira ngati dzungu, iwo n'kumandiseka. Ndiye taonani, pobwerera anadutsa cha uko, chitenje chili m'chiuno, kumbuyo kulibe kanthu. Ndinati kaya wamusiyira bambo wake m'holomo."

"Nkhope mungaizindikire?"

"Anafunda mpango mpaka m'maso. Koma nsapato ndinaziona. Mayi wa chitenje chabwinobwino, kumapazi majombo ngati msilikali."

Potsika phiri Rahima anaima pa khona ina pamene foni imagwira, n'kuimbira dokotala wa ziweto amene anaphunzira naye ku sekondale. Anamufotokozera za kabowo kaja.

"Kozungulira bwino, pafupi ndi mchira? Amaboola ndi osamalira nyama," anatero mnzakeyo. "Ngaka ikachira, asanaibwezere kutchire, amamangirirapo kachipangizo koti aziidziwa kumene ili. Waya sungaboole chonchi. Imeneyo yakhalapo m'manja mwa anthu odziwa."

*

Nyumba ya a zankhalango inali kumapeto kwa kamsewu kafumbi, ndipo kuseri kwake kunali katchire kokwera phiri. Rahima anapeza Victoria kumeneko dzuwa litapendeka. Ngaka inali pansi ikuyenda ndi miyendo yakumbuyo, manja itapinda pachifuwa, kenako inaima pa chitsa chowola n'kuyamba kufukula nyerere. Victoria ankaitsatira pambuyo osaichotsa maso.

"Musayandikire kwambiri," anatero osatembenuka. "Ikamva fungo lachilendo isiya kudya."

Rahima anaima pamene anali.

"Mai Namaona, Lily anali ndi zaka zingati?"

Msana wa Victoria unauma. Ngaka inangopitiriza kukanda chitsa.

"Zisanu ndi chimodzi. Akanakhala ali sitandade faifi chaka chino."

"Munaibereka kumbuyo nyamayi."

"Inazolowera. Inabwera kwa ife ili kamwana, amayi ake ataphedwa. Ndaiyendetsa m'tchire tsiku ndi tsiku kufikira yakula chonchi. Mwezi uno timayenera kuimasula." Anatembenuka tsopano. Maso ake anali ouma. "Kuntchito akudziwa kuti ndinapita nayo kokaipimitsa. Musawavutitse, palibe amene akudziwapo kanthu."

"Mukudziwa kuti mwaika munthu pa mlandu umene sanapalamule."

"Ndikudziwa. Ndimafuna alawe. Iyenso anaika mlandu pa anthu a kwathu, kuti anakumba okha dzenje lomwe linadya mwana wanga. Amayi anga anamwalira akukhulupirira kuti analakwa ndi iwo posamuyang'anira mdzukulu." Anayang'ana Rahima m'maso. "Ndinayenda, a Sajeni. Ndinapita m'maofesi, ndinapita kwa maloya, ndinapita ku kampani. Kulikonse ankanditsegulira lipoti la a Likoswe n'kundiuza kuti pepani mayi, malowo ndi okwirira. Ndinkawauza kuti tiyeni mukaone, dzenjelo lilipo mpaka lero, ng'ombe zikugweramo. Palibe ananyamuka pampando."

"Ndiye munaganiza za ngaka."

"Ntchito yanga ndi yopita kukhoti kukachitira umboni nyama zimenezi. Ndaona anthu akulandira zaka zambiri chifukwa cha ngaka imodzi, ndipo sindinawamverepo chisoni, poti zatsala zochepa. Tsiku lina ndikutuluka m'khoti ndinadzifunsa kuti, kodi lamulo lomwe limathamanga chonchi pa nyama, pa mwana wanga linathyoka mwendo? Kenako ndinamva pa wailesi kuti a Likoswe akayankhula pa phiri za kukwirira migodi. Za kukwirira migodi, iwowo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinati lamulo limene lili ndi mano ndi lomweli, ndiye liwalume."

"Ikanafa m'galimotomo?"

Apa mpamene nkhope ya Victoria inagwedezeka.

"Ndinadikira kufikira atatsala pang'ono kutuluka. Ndinaima m'mitengo mpaka galimoto inanyamuka, ndipo ndinatsika pambuyo pake. Koma inde, ikanatha kufa. Chimenecho chokha ndiye ndimadziimba nacho mlandu."

Rahima anayang'ana nyamayo, lilime lake lalitali likulowa ndi kutuluka m'chitsa. Iye yekha ndiye ankadziwa. Mai Dyna sanaone nkhope, Gilson sankadziwa dzina la mayi wa mwanayo, ndipo kabowo ka pa mamba palibe wina ku polisi anakaganizira. Akanangotseka pakamwa, a Likoswe akanakalamba m'ndende, ndipo mumtima mwake munali mawu ena onena kuti zingakhale bwino ndithu. Anaganiza za bambo uja atakhala pa bala akutafuna nyama ya mbuzi, dzenje lili pamtunda woti akanatha kuyenda wapansi.

"Ndikasiya zilizonse mmene zilili," anatero pomaliza, "adzamangidwa chifukwa cha ngaka. M'khoti simudzatchulidwa dzenje, simudzatchulidwa Lily. Adzalowa m'ndende akudziwa kuti ndi wosalakwa, ndipo anzake adzamumvera chisoni. Ndi zimene mukufuna?"

Victoria anabweza maso ake pa ngaka ija, ndipo Rahima anapitiriza.

"Koma mukaima inu m'bokosi, woweruza adzakufunsani chifukwa chake. Atolankhani adzakhala pomwepo, poti nkhani ya katswiri wogwidwa ndi ngaka yafika kale pa wailesi. Gilson Makwinja, amene ankayendetsa a Likoswe tsiku lomwe sanafike kudzenje, ali moyo ndipo akufunitsitsa kulankhula. Ine ndipita kuchigwa ndi kamera. Sindikulonjezani kuti mudzatuluka, ntchito mwina idzatha, ndipo ndende ikhoza kukupezani."

"Dalaivala alipo?" anafunsa Victoria. "Alipo munthu amene anaona?"

"Alipo."

Victoria anagwada pafupi ndi ngaka ija n'kuisiya imalize kudya. Itakhuta anainyamula, nalowa nayo m'nyumba, naimbira mnzake wa kuntchito kuti abwere adzaitenge. Anamuuza nthawi yoidyetsa ndiponso kuti tsiku loimasula lisasinthe. Mnzakeyo atafika, Victoria anatseka chitseko yekha n'kukakwera galimoto ya polisi.

*

Atafika, Rahima anatulutsa a Likoswe m'chitokosi n'kuwaimika pa kauntala. Usiku umodzi wa pa simenti unali utawafooketsa, koma ataona nsapato ndi lamba wawo zili pa tebulo anawongoka.

"Ndinakuuzani, Sajeni. Ndi Gilson eti?"

"Si Gilson. Mlandu wa ngaka wakuchokani, bambo Likoswe. Koma musapite kutali ndi Zomba, ndipo pasipoti yanu ibwere kuno mawa. Tikufuna kucheza nanu za mgodi wa Chiputu."

Dzanja limene linkamanga lamba linaima.

"Nkhani imeneyo inatha kalekale."

"Mlandu suwola."

Nthawi yomweyo Eddie anatulukira m'khonde akuperekeza Victoria kuchipinda cha amayi. Victoria anaima pamaso pa a Likoswe, ndipo Eddie sanamukankhe. A Likoswe anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osamuzindikira.

"Ndi ameneyu? Mayi, ine ndinakulakwirani chiyani? Sindikudziwani n'komwe."

"Ndine mayi wake wa Lily."

"Lily uti?"

Victoria anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo Rahima anaona nkhope yake ikukhazikika ngati ya munthu amene wapeza chimene ankakayikira.

"Musadandaule," anatero Victoria mofatsa. "Ndidzalitchula m'khoti tsiku lililonse mpaka mudzaliloweza."

Anatembenuka n'kulowa yekha m'chipindamo. A Likoswe anatsala ataima pa kauntala, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'manja.